Tikukonzekera Ulendo wa Kumudzi

Patha zaka zitatu chibwerereni kuno ku Ulongwe, m'boma la Angonia m'dziko la Mozambique, kudzatumikira Ambuye pakati pa abale athu a m'chigawo cha Tete, ndipo mwezi wamawa tidzapita kwathu ku Malawi kukaona makolo ndi mpingo umene unatituma. Mtunda si wautali, pakuti tikangodutsa chipata cha Calomue ndiye kuti talowa m'Dedza, koma kukonzekera kwake kwatitengera masabata angapo.

Mtima wanga uli pa ana. Kusukulu amaphunzira m'Chipwitikizi, ndipo wamng'onoyo, amene anabwera kuno ali kumsana, agogo ake amangowadziwira mawu a pafoni. Dzulo madzulo ndinam'peza atagwada pamphasa, akuwomba m'manja ndi kubwereza yekha kuti, "Muli bwanji agogo?" monga anam'phunzitsira amayi ake, ndipo misozi inalengeza m'maso mwanga.

Mapasipoti tawaona, ali bwino. Ntchito taisiya m'manja mwa akulu ampingo, amene ndimawakhulupirira ndi mtima wonse. Lero m'mawa mayi wina wachikulire watibweretsera thumba la mbatatesi ndi nyemba za m'munda mwake, nanena kuti, "Abusa, musakalowe m'nyumba ya makolo anu chimanjamanja."