Khadi Langa Linandiyesa Mbava ku Leicester

Popeza chithunzi chija chafika kale pa gulu la WhatsApp la ku ofesi, chomwe ndaima pa kauntala foni ili kukhutu, dzanja lina lili m'mwamba ngati ndikulumbira kukhoti, ndi bwino ndifotokoze ndekha mlamu wanga asanathire mchere wina. Inde, khadi langa analibuloka. Inde, ndimagwira ntchito ku banki, m'chipinda chenichenicho chomwe timabulokera makhadi a anthu. Ndipo inde, lamulo lomwe linandigwira ndinalemba nawo. Sekani mumalize.

Fomu ndinadzaza. Izi zokha ndikufuna zimveke. Anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri: kutsegulitsa khadi kuti lizigwira kunja, komwe umapita ndi pasipoti, viza ndi tikiti kuti akuloleze ndalama zakunja, ndi kudziwitsa a zachitetezo kuti ukuyenda. Choyambacho ndinathana nacho kudakali milungu iwiri, chifukwa ndi kusowa kwa ndalama zakunjaku munthu sudikira tsiku lomaliza. Chachiwiricho ndi kapepala kamodzi: dzina, manambala anayi omaliza a khadi, tsiku lonyamuka, tsiku lobwerera, ndi mayiko onse amene udutsemo, ngakhale lomwe ungosinthirako ndege. Ndinalemba Ethiopia, ndinalemba United Kingdom, ndi zilembo zooneka bwino ngati za aphunzitsi a sitandade 2. Ndinaipinda fomuyo n'kuiika m'thumba la jekete kuti ndikaisiye Lachisanu. Lachisanulo ndinathera pa mzere wa petulo.

Tsono onani mmene ndinaonekera kwa kompyuta. Loweruka masana, pa bwalo la ndege la Kamuzu, mabotolo awiri a Nali opita kwa mlamu. Usiku, pa Bole ku Addis Ababa, madzi ndi khofi, m'madola. Lamulungu m'mamawa pa bwalo la Heathrow ku London, SIM ya kumeneko. Patapita mphindi zochepa, tikiti ya basi yopita ku Leicester, mzinda womwe mlamu amakhala. Kenako kasangweji kozizira ngati ka mufiriji ya kumochale. Mayiko atatu maola 24 asanakwane, tindalama ting'onoting'ono totsatizana, pa khadi lomwe moyo wake wonse limadziwa golosale ya ku Area 25 ndi pomwetsera mafuta pa Kanengo.

Mbava imachita chimodzimodzi. Ikapeza khadi sithamangira chinthu chodula. Imayamba yagula kanthu kotchipa kuti ione ngati khadilo lili moyo, igulenso kena, ndipo ikaona kuti zikudutsa imalunjika ku sitolo ya mafoni ndi makompyuta, chifukwa katundu ameneyo amagulitsika dzuwa lisanalowe. Sitolo iliyonse ili ndi nambala yosonyeza mtundu wa malonda ake, ndipo ya zamagetsi ndi 5732. Nambala imeneyi ndinaiika ndekha pa mndandanda wa zoopsa, m'mawa wina Lachiwiri, ndikumwa tiyi.

Tili m'njira yochokera kokwerera basi, mlamu anati laputopu yomwe mwana wanga wa ku koleji wakhala akulirira yatsitsidwa mtengo, koma kutsitsako kukutha lero. Ku England masitolo akuluakulu amaloledwa kutsegula maola 6 okha Lamulungu, ndiye tinangoponya zikwama m'nyumba n'kuthamanga. Mtengo £649. Ndalama zimenezi n'zoposa £100 yomwe panthawiyo munthu ankatha kungogunditsa khadi pa makina, ndiye ndinalilowetsa, n'kulemba PIN nditaphimba ndi dzanja monga ndimaphunzitsira makasitomala. Makina anaganiza pang'ono. Kenako anakana.

Apa mpamene munthu wodziwa ntchito amachotsa khadi, n'kuima pambali, n'kuimba foni. Ine ndinalipukuta pa malaya n'kulowetsanso. Anakana. Ndinaliuzira mpweya ngati nsima yotentha. Anakananso. Ndiye nzeru zinandibwerera: ndinamupempha mnyamata wa pa kauntala kuti agawe pawiri, £325 kenako £324. Abale inu, palibe chinthu chimene chimaiuza kompyuta kuti "uyu ndi wakuba" kuposa munthu amene akakanidwa amatsitsa ndalama kuti aone pamene zidutsire. Ndimakamba zimenezi pa maphunziro a antchito atsopano, ndipo ndili ndi chithunzi chake chomwe ndimaonetsa pakhoma. Kuyesa kulikonse kumakweza chikaiko. Ndinayesa kanayi.

Khadi likaimitsidwa motere, banki imatumiza SMS yofunsa ngati ndiwe amene ukugula. Uthengawo umapita pa nambala yomwe unalembetsa, osati pa foni yomwe ili m'manja mwako. SIM yanga ya kumudzi inali itakulungidwa mu lisiti la khofi wa ku Bole, mkati mwa pasipoti, m'chikwama, kunyumba kwa mlamu. Ngakhale ikanakhala m'foni sikanathandiza, poti roaming, yomwe imalola SIM kugwira kunja kwa dziko, sindinatsegulitse. Imatsegulitsidwa usananyamuke, ndipo n'chifukwa chake foni ya ma SIM awiri ndi mnzako wa paulendo. Yanga ndi ya ma SIM awiri. Malo achiwiriwo munali fumbi.

Ndikupapasa m'jekete kufuna cholembera, dzanja linagwira kapepala kopindidwa bwino. Ndinakatambasula pa kauntala pomwepo. Ethiopia. United Kingdom. Siginecha yanga pansi, yokongola. Mlamu anawerenga kudzera paphewa panga, n'kubwerera masitepe awiri kuti apeze malo okwanira osekera.

Nambala yachidule yomwe timaimba tili kumudzi sigwira kunja. Imafunika yathunthu yoyamba ndi +265, yomwe ili kuseri kwa khadi m'tizilembo tomwe munthu wazaka zanga amawerenga atatambasula mkono. WhatsApp siimba nambala ya pa desiki, ndiye anali mayunitsi a SIM yatsopano ija amene ankapsa pamene ndinkamvera kanyimbo kodikirira. Ku Leicester inali 3:20 masana, kunja kukuyamba kale kuda, ku Lilongwe 5:20 madzulo. Woyankha anali mtsikana amene ndinamuphunzitsa ntchito ndekha chaka chathachi.

"Iwe, ndi ine. Tsegula khadi langa msanga, ndili pa kauntala."

"Zikomo bwana. Ndiyambe ndatsimikiza kuti ndikulankhula ndi mwini khadi. Dzina lanu lonse?"

Ndinatchula. Tsiku lobadwa, ndinatchula. Manambala anayi omaliza, ndinawerenga. Sanandifunse PIN kapena manambala atatu a kuseri aja, ndipo apo ndinamuyamikira mumtima, chifukwa wa ku banki weniweni safunsa zimenezo, ngakhale OTP, nambala yachinsinsi ija yogwira kamodzi yomwe imabwera pa foni. Wokufunsa zimenezo ndi wakuba, dulani foni. Ndinayamba kumva bwino ndithu.

"Ndiuze kaye, code ikuti chani?"

"59, bwana."

Muyenera kumvetsa chimene nambala imeneyi inachita mumtima mwanga. Khadi likakanidwa, banki imabweza nambala yofotokoza chifukwa, ngakhale makina a m'sitolo nthawi zambiri saionetsa. 55 ndiye kuti walakwitsa PIN. 54, khadi linatha masiku. 61, wapyola malire a ndalama zomwe umaloledwa. 05 ndi kukana kopanda chifukwa, ngati kwa apongozi. 51 ndiye wamanyazi uja: mu akaunti mulibe zokwanira. Koma 59 ndi kuganiziridwa zachinyengo. Kwa mphindi khumi anthu onse a pamzere paja, agogo a chipewa chaubweya, bambo wonyamula ketulo, mayi wa ana awiri, ankandiyang'ana ndi maso achisoni omwe timayang'ana nawo munthu wobweza shuga pa thilu. Tsopano ndinali ndi umboni. Ndinatseka foni ndi chikhatho, n'kutembenukira mnyamata wa pa kauntala, chifuwa patsogolo, n'kumuuza m'Chingerezi changa cha pa misonkhano kuti ndalama zilimo, vuto n'lakuti akundiganizira kuti ndine wakuba.

Ndinanena mokweza. Ndinanena monyada. Ndinatembenukanso kuuza mzere wonse, kuti nawonso mitima ikhale pansi. Agogo aja anasuntha kachikwama kawo kuchoka kudzanja lamanja kupita kulamanzere. Mnyamata uja anakoka bokosi la laputopu pang'onopang'ono, osandichotsa maso, mpaka linafika kumbali yake ya kauntala. Mlonda amene anali pakhomo anapezeka kuti ali ndi chidwi chachikulu ndi ma headphone omwe anali pafupi ndi chigongono changa. Ine ndili chimwemwe tsaya, poti dzina langa layera: si ine mmphawi, ndine mbava chabe.

"Bwana, mukadalipo? Chomaliza chomwe munagula n'kudutsa, zinali ndalama zingati?"

Sangweji ija. Ndinati £4. Iye anati pa kompyuta pake akuona makwacha. Ndinayamba kuchulukitsa m'mutu ndi reti ya Lachisanu, n'kuwonjezera kaperesenti komwe banki imadula posintha ndalama, n'kutchula nambala. Anangoti, "Hmm." Lisiti ndinalitaya m'basi, ine amene ndimauza anthu kuti paulendo azisunga malisiti onse mpaka atabwerera.

"Funso lina. Mudzi wanu ndi mfumu yaikulu, monga munalembera potsegula akaunti."

Ndinatchula kwathu kwa amayi ku Dedza, chifukwa kwa Mchewa kwawo n'kumeneko, afunseni amalume anga. Foni inangoti zii. Kenako ndinakumbukira kuti akauntiyo ndinatsegula zaka 15 zapitazo bambo ali pambali panga, ndipo anandilembetsa kwawo ku Ntcheu.

"Achemwali, ndi Ntcheu. Ndimafuna kunena Ntcheu."

"Yankho loyamba ndi lomwe timatenga, bwana. Mwaphonya awiri. Sindingapitirize."

"Koma mukundidziwa! Desiki yanu yayang'anana ndi yanga!"

"Mawu ndi anu ndithu. Koma munatiuza nokha kuti mbava yochenjera imabwera ndi mawu a bwana, imakhala pachangu, ndiponso imakalipa. Inu mwakwanitsa zonse zitatu."

Apa mpamene dzanja linakwera m'mwamba, ndipo apa mpamene mlamu anajambula. Ndinkalumbira. Ndinali nditachoka pa "iwe", kudutsa pa "achemwali", ndipo ndinali pa "mayi, chonde, ndagwira mwendo wanu". Mwana wa zaka 24.

Mlamu, misozi ili mbwee, anabwera ndi malangizo. "Alamu, auzeni kuti labedwa, athamangira." Ayi! Kubuloka kuli pawiri. Kwanga kunali kongoimitsa, komwe amachotsa ndi batani limodzi akatsimikiza kuti ndiwe. Ukangonena kuti khadi labedwa kapena latayika, limaphedwa mpaka kalekale, ndipo latsopano ukalitenga ku nthambi yako ukabwerera, pamene uli ndi milungu itatu yoti udye m'dziko la eni. "Nanga tikayese pa ATM?" Ayinso. Khadi lokaikitsa kale silipita kukagogoda pa makina omwe amatha kulimeza. Ndinamufotokozera zonsezi bwinobwino, ndi zala, ngati katswiri, ndili ndi £40 m'thumba ndi khadi lakufa m'manja. Khadi lachiwiri la banki ina, lomwe munthu wanzeru amasunga m'chikwama chosiyana, ndinasiyira mayi a kunyumba kuti azigulira magetsi.

Kenako mayunitsi anatha, mtsikana uja ali pakati pondifunira madzulo abwino.

Pali china chomwe a ku ofesi akukumbutsana, ndipo ndi bwino ndichinene ndekha. Tikukonza lamuloli, mnzathu wina anati khadi likalowetsedwa ndi PIN yolondola tizililola, chifukwa ndiye kuti khadi lenilenilo lilipo ndipo munthuyo akudziwa nambala. Ndinakana ndine. Ndinati akathyali amasuzumira PIN pa ATM kenako n'kukusinthira khadi ukuona, ndipo izi zimachitikadi. Ndinamenya tebulo. Mpaka lero ndikuti ndinkanena zoona, ndipo aliyense woganiza bwino aona kuti zomwe zinachitika ku Leicester zikungosonyeza kuti lamulolo limagwira ntchito, silisankha nkhope. Chaona mnzako chapita, inu amene mukuseka muli ndi maulendo anu Disembala ikubwerayi.

Mlamu analipira ndi khadi lake. Linadutsa asanamalize n'komwe kuchotsa chala, ndipo anatenga lisiti n'kulipinda kanayi pamaso panga.

Lolemba m'mawa ndinatumiza imelo kuchokera pa adiresi yomwe banki ili nayo, chifukwa ya pa adiresi ina saiwerengera. Ndinaikamo tsamba la pasipoti, chiphaso chokwerera ndege, ndi chithunzi cha fomu ija, mapindo ake akuoneka. Ndinalembamonso nambala ya ku UK yoti andipezerepo. Anandiimbira cha m'ma 11, anafunsanso mudzi, ndinati Ntcheu ndisanapereke n'komwe moni. Khadi linatseguka. Ndinapita pa kasitolo ka pakona kukaliyesa ndi chingamu, ndipo ndili pa thilu ndinazindikira kuti ndayambanso ndi kanthu kotchipa. Ndinalipira ndi makobidi.

Mlamu akuti ngongole yake akuifuna m'mapaundi, za makwacha sakumva. Lipoti la mwezi uno ndikapereka ndine Lachinayi, ndipo pa tsamba la makhadi omwe tinabuloka eni ake ali osalakwa pali mzere umodzi wa ku Leicester, kuyesa kanayi, kasitomala sanadziwitse banki za ulendo. M'bokosi la zoyenera kuchita mtsikana uja walembamo kuti kasitomalayu aphunzitsidwe.