Sabata ya mashoki ku galaja yathu ya ku Kapata, m'tauni ya Chipata

Mwambo wa Kulamba ukayandikira ku Mkaika, kumapeto kwa Ogasiti, oyendetsa mataxi a ku Katete ndi ku Chadiza amadzaza bwalo lathu, ndipo pempho lawo ndi limodzi: galimoto ikwezedwe chifukwa ikukhula mimba pansi. Ndimawamvetsa. Ma Corolla, Allion ndi Premio ochokera ku Japan anawapangira misewu yosalala, pomwe ife timawalowetsa m'maenje a ku Vubwi atadzaza anthu, matumba a mtedza ali kumbuyo.

Lolemba kunafika mdala wina ndi Allion, atagula kale masipuling'i aatali ndi ma spacer, timipando toonjezera msinkhu wa galimoto. Nditatsindira kutsogolo ndi manja n'kusiya, galimoto inapitiriza kudumphadumpha. Pa strut ya kumanzere, ndiyo shoki ya kutsogolo yomangidwa pamodzi ndi sipuling'i, mafuta anali atayenderera mpaka pansi, fumbi litamatirira bii, tayala nalo litadyeka modumphiza.

"Bambo, masipuling'iwa tiika, koma pa mashoki akufawa ayi."

"Mwana wanga, sintha yokhayo ikudonthayo. Ndalama za soya zatha."

Ndinawakhazika pa benchi n'kuwafotokozera. Kutsogolo kwa galimoto zimenezi kuli strut ya MacPherson: shoki, sipuling'i ndi mpando wa pamwamba zamangidwa pamodzi, ndipo zimatembenuka limodzi ndi gudumu mukakhotetsa chiwongolero. Sipuling'i ndiyo imasenza katundu ndi kupereka msinkhu. Shoki ntchito yake ndi kuiletsa kudumpha kuti tayala lisachoke pamsewu. Mukaika sipuling'i yamphamvu pa shoki yotha, kudumphako kumaonjezeka, mabuleki amachedwa kugwira, ndipo m'makhota otsetsereka a ku mlatho wa Luangwa galimoto yotere imaphetsa anthu. Kusintha mbali imodzi nakonso n'kolakwika. Zili ngati munthu kuvala nsapato yatsopano phazi limodzi, linalo patapata wong'ambika: mbali ina imagwira, ina imapepera. Anadandaula, koma anavomera kugula mashoki awiri a kutsogolo ndi awiri a kumbuyo.

Lachiwiri linathera ku Down Shops kufunafuna zipangizo. Mashoki a salaula, ogululidwa ku galimoto zina, ndi otsika mtengo, koma simungaone m'kati mwake, ndipo ena amangowapukuta mafuta n'kuwapaka penti. Tinatenga a gasi a KYB, pamodzi ndi mipando ya pamwamba, malabala otchinga fumbi ndi timalabala toletsa shoki kugunda kumapeto. Tinthu ting'onoting'onoti anthu amatiderera, komatu labala likang'ambika, fumbi la kuno limapala ndodo ya shoki n'kudya siilo msangamsanga.

Ntchito yeniyeni inali Lachitatu. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa anandiuza kuti kwina anaona akumanga sipuling'i ndi waya. Ndinamuuza mosaseka kuti: "Iwe, pano nati ya pamwamba suikhudza sipuling'i isanapanidwe ndi chopanira mbali zonse ziwiri." Sipuling'i yopanikizidwa ikapulumuka imathyola nsagwada, ndipo sindifuna kukafotokozera amayi ake kuchipatala. Anaphunziranso kuti strut ya kumanja ndi ya kumanzere n'zosiyana, kuti ndodo ya shoki saigwira ndi pulayala, komanso kuti mutu wa sipuling'i uyenera kukhala pakadzenje kake. Bawuti ya pansi ya kumbuyo, yodutsa mu bushi ya labala, tinaimanga galimoto itatera pamatayala ake. Mukaimanga ili pa jeke, labalayo imapotoka n'kung'ambika msanga.

Ma spacer ndinakana kuwaonjezera. Masipuling'i atsopano anali ataikweza mokwanira. Kupitirira apo ma CV joint, mfundo zopititsa mphamvu ya injini ku magudumu, amayamba kugwira ntchito atapendekeka kwambiri, malabala ake amang'ambika, shoki nayo imafika kumapeto kwa ulendo wake pabampu lililonse.

Lachinayi Allion ija tinaipititsa ku alaimenti, kokawongola magudumu, chifukwa ukamasula strut magudumu sabwerera ndendende pomwe anali. Tinaonanso nyali za kutsogolo, poti msinkhu ukasintha zimatha kuthobwa anzako m'maso usiku. Poiyesa pa msewu wa ku Mwami, inkadutsa mahampu n'kukhazikika nthawi yomweyo.

Lachisanu mayi wina wamalonda anabwera ndi Noah yolira gugudugugudu, ndalama za mashoki anayi zili m'manja. Mashoki anali ouma ndi olimba bwinobwino. Chimene chinkagogoda ndi kalinki kokha ka stabilizer, chitsulo choletsa galimoto kupendekeka pokhota. "Amayi, ndalamazi bwezerani m'chikwama, mukaonjezere katundu," ndinatero, ndipo ntchito inatha nsima ya masana isanapse.

Loweruka tinalandira Probox yonyamula tomato, sipuling'i ya kumbuyo itathyoka. Yoyenera msinkhu wake sinapezeke m'tauni muno, choncho taitanitsa ku Lusaka. Ifika pa basi Lolemba, ndipo mwini wake ndamuletsa kuiyendetsa mpaka tsikulo.