Pini 9 imene kunalibe

Chithunzi chatuluka, anzanga, pa TV yakale imene ndalumikiza ku kompyuta kuti ndipange makina anga a magemu a arcade. Mitundu yonse itatu ilipo, sichikugwedezeka, ndipo timizere takuda tija timene timakhala pakati pa mizere ya chithunzi tikuoneka bwinobwino monga pa makina enieni a arcade. Ndayamba ndi gemu ya Metal Slug pa 320x224, kenako Street Fighter II pa 384x224, zonse zikukhala pamalo pake.

Zida zake ndi izi: kompyuta yakale yokhala ndi khadi ya zithunzi ya Radeon HD 5450, dalaivala ya CRT Emudriver kuti khadiyo itsike kuchoka pa 31 kHz ya VGA (bowo la monita pa kompyuta) kufika pa 15 kHz imene TV imamva, ndi GroovyMAME, pulogalamu yoyendetsa magemu a arcade. TV yake ndi Philips ya mainchesi 21 imene ndinagula kwa bambo wina amene ankaonetsa mavidiyo pa Ngabu. Iwo anagula yafulati, iyi inkangodya malo pakona. Mwayi wake ndi woti ili ndi SCART kumbuyo, bowo lalikulu la mapini ambiri lotha kulandira mtundu uliwonse pa waya wake. Ma TV ambiri akale amene mungawapeze kuyambira Chikwawa mpaka Nsanje ali ndi mabowo atatu okha, lachikasu, loyera ndi lofiira, ndipo lachikasulo limasakaniza mitundu yonse mu waya umodzi mpaka zilembo zing'onozing'ono kumachita chimbuuzi. Mukaona TV ya SCART musanenerere kwambiri, ingotengani.

Chingwe cha VGA kupita ku SCART chogwirizana ndi ntchito iyi sindinachipeze kuno, ndiye ndinapanga ndekha. Ndinadula chingwe cha monita yakufa n'kulumikiza pini 1, 2 ndi 3 za VGA ku 15, 11 ndi 7 za SCART, yofiira, yobiriwira ndi ya buluu, iliyonse ndi ground yake. Sync, chizindikiro chouza TV poyambira mzere ndi chithunzi chilichonse, ndinaiphatikiza mu dalaivala momwemo kuti ituluke pa pini 13, n'kuidutsitsa mu resistor ya 470 ohm isanalowe pa pini 20 ya SCART, chifukwa mavoti 5 a kompyuta ndi ochuluka kwa TV imene imayembekeza osafika voti imodzi. Kuyatsa, mdima. Mawu akumveka, mfuti zikulira m'masipika, koma galasi lili bii.

Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti TV inkaonetsa kuti ikulandira kanthu. Tizilembo tobiriwira ta AV pakona tinkangokhala phee. Ndikazula waya wa sync tinkayamba kunjenjemera, ndikabwezera n'kukhazikikanso. Ndiye kuti sync inali bwino, 15 kHz inali bwino. Ndinayeza waya uliwonse ndi mita, yonse ikulira. Ndinasintha modeline (manambala ouza khadi kayendedwe ka chithunzi), ndinachotsa dalaivala n'kuikanso, ndinafika pokayikira kuti mwina mbali ya RGB (yolandira mitundu itatu ija payokhapayokha) mu TV muja inapsa kalekale, poti mwini wake sanaigwiritsepo ntchito. Mnzanga wokonza mawailesi pa Nchalo anati, "Achimwene, ingogwiritsani lachikasulo, ana sadziwa kusiyana." Ana mwina sadziwa. Ine ndimadziwa.

Nkhani yonse inali pa pini 16. TV ya SCART siyang'ana mawaya a RGB pokhapokha pini 16 ikhale ndi mphamvu ya pakati pa voti 1 ndi mavoti 3. Ikapanda kuipeza imaganiza kuti chithunzi chonse chikubwera pa pini 20, ndipo pamenepo inkapezapo sync yokha yopanda chithunzi, n'chifukwa chake inkaonetsa mdima wokhazikika bwino chonchija. Mphamvuyo ndinkaitenga pa pini 9 ya VGA, imene imapereka mavoti 5, kudzera mu resistor ya 180 ohm. Nditaika mita pa 16 inawerenga ziro. Ndinazula pulagi ya buluu ya VGA ija n'kuiunika ndi tochi ya foni: mzere wapakati uli ndi gweru ngati mwana woguluka dzino. Mapini 14, osati 15. Zingwe zambiri zakale za VGA zinkapangidwa choncho, pini 9 osaiikamo. Waya umene ndinautenga ngati wa pini 9 unali wa pini ina yoyandikana nayo, wosanyamula chilichonse.

Mankhwala ake anali chingwe cha USB cha kiyibodi yakufa. Waya wofiira ndiwo mavoti 5, ndinaudutsitsa mu 180 ohm yomwe ija kupita pa 16, wakuda pa 18. Mkati mwa TV muli 75 ohm, ndiye mukawerengetsa mupeza mavoti pafupifupi 1.5, ndipo mita inavomereza. Musanadule chingwe chilichonse cha VGA, werengani mapini kaye.

Ma resistor amenewa ndimagula kwa madala ena a ku Limbe amene ali ndi kashopu kodzaza ndi timabotolo. Safuna mita iwowo. Ukati 180 amangotola ya mizere ya bulauni, imvi, bulauni, n'kukulunga m'kapepala ka nyuzi. Ndimatumiza ndalama pafoni, kondakitala wa minibasi n'kutsika nako kaphukusiko m'makhotakhota a chitunda cha Chikwawa. Ndi iwonso anandipezera mapulagi a SCART otsegula, amene ali ndi malo okwanira kubisamo ma resistor onse awiri. Nthawi imene ndinkapanga amplifaya ya njinga ya kabaza ya mlamu wanga ndinkachotsa zida m'mawailesi akufa, koma miyendo yake imakhala yaifupi, yovuta kuwotcherera m'kapulagi kothina.

Chatsala ndi kutentha. Mwezi wa Okutobala uno kuwotcherera masana n'kosatheka, thukuta limadontha pa bolodi, ndiye ndimagwira m'mamawa magetsi akakhalapo. TV nayo ikagwira ntchito kwa kanthawi, mbali ya pamwamba ya chithunzi imayamba kupindika pang'ono, ndipo ndikukayikira ma capacitor. Kutsegula ndekha ayi. M'kati muja muli mavoti oposa 20,000 pa anode, ndipo ena amatsalira ngakhale mutazula pulagi kukhoma. Imeneyo ndi ntchito ya mnzanga wa pa Nchalo uja. Ine ndiika fani ya 12V kumbuyo kwa bokosi loikamo makinawa, ndipo 12V yomweyo ndiitengera ku pini 8 kuti TV izilowa yokha pa AV popanda limoti. Pakadali pano ndimayatsa TV kompyuta ikamaliza kudzuka, kuti isamalandire 31 kHz ya poyambira ija.

Bokosi kalipentala akulipanga la miyendo italiitali. Amene tinaona madzi a Freddy mu Malichi 2023 sitiikanso chamagetsi pansi. Likatha ndikufuna lachiwiri la TV yoimika chotalika, la Pac-Man ndi magemu a ndege, mwina loyendera sola, loponyamo ndalama yachitsulo. Pali TV ina ya SCART imene ndamva kuti ili ku Bangula, mwini wake sakuyankha foni.