Mizere ya kumunsi yayamba kufota

Lolemba m'mawa, chisanu chikadali mbuu pa udzu, ndinatsikira kumunda wa kumunsi kuti ndikaone ngati mapaipi a mthirira ali bwino, ndipo ndinapeza kuti zitsamba za honeybush, chomera chopangira tiyi, za m'mizere inayi yoyandikana ndi khwawa zasintha maonekedwe. Masamba ake, amene amamera atatuatatu pa kaphesi kamodzi, anali atachita chikasu, ndipo pa zitsamba zina anali ataumiratu koma osathothoka. Munthu amene wagwira ntchito ya honeybush kwa kanthawi amadziwa kuti chitsamba chikafika pamenepa, vuto lake linayamba kale pansi pa nthaka.

Ndine kapitawo wa nazale ndi minda ya honeybush pa famu ina pafupi ndi Joubertina, m'chigwa cha Langkloof ku Eastern Cape m'dziko la South Africa, kumene msewu wa R62 umadutsa pakati pa mapiri a Tsitsikamma ndi a Kouga. Chuma chenicheni cha chigwachi ndi maapozi ndi mapeyala, ndipo honeybush timamulima m'mbali mwa mapiri, m'dothi lamchenga ndi la asidi limene mitengo yazipatso singakondwe nalo. Ndisanabwere kuno ndinagwirapo ntchito m'minda ya tiyi kwathu ku Thyolo, choncho poyamba ndinkaganiza kuti tiyi ndi tiyi basi. Koma honeybush, amene akatswiri amamutchula kuti Cyclopia, si mbale wa tiyi wathu uja ngakhale pang'ono. Iye ndi wa banja la nyemba ndi nandolo, amamera mwachilengedwe m'tchire la zitsamba zifupizifupi lotchedwa fynbos ku Western Cape ndi Eastern Cape kokha, ndipo alipo wa mitundu yopitirira 20, ngakhale kuti yopangira tiyi wamalonda ndi yowerengeka. Wa kumunsi kuja ndi Cyclopia subternata, amene anzathu olankhula Afrikaans amati vleitee.

Maganizo anga anathamangira kwa mnyamata wina wa kwathu amene anayamba ntchito m'gulu langa miyezi itatu yapitayo. Ndinakumbukira kuti tsiku lina anandifunsa chifukwa chake sitithira feteleza m'mundamu pamene matumba ali mbwee m'shedi ya maapozi, ndipo ndinakayikira kuti mwina anazimvera chisoni zitsambazo n'kuzithirira mobisa. Si kukayikira kopanda maziko, chifukwa ife amene tinakulira pa chimanga timakhulupirira kuti mbewu yosathiridwa feteleza ndi mbewu yonyanyalidwa. Koma zomera zambiri za fynbos zinazolowera dothi losauka kwambiri, makamaka lopanda fosifolasi wokwanira, moti zikapatsidwa wambiri zimamwa mopitirira muyeso n'kudwala. Nayitirojeni honeybush amadzipezera yekha kudzera m'timatuza ta kumizu, monga amachitira mtedza ndi soya. Ndinamuyitana mnyamatayo pamaso pa anzake n'kumufunsa kuti, "Mphwanga, kodi sunathire kanthu m'mizere iyi?" Iye anavula chipewa n'kuyankha kuti, "Ayi akulu, ine ndimangochita zimene mwandiuza." Sindinamukhulupirire, ndipo iye anaona kuti sindinamukhulupirire.

Lachiwiri ndinakumba zitsamba zisanu, zitatu zodwala ndi ziwiri zamoyo za kumtunda, kuti ndifanizire mizu. Ya zamoyo inali yolimba, yoyera mkati, ili ndi timatuza take, ndipo nditaphwanya kamodzi ndi chikhadabo ndinaona kufiira kumene kumasonyeza kuti tizilombo tothandiza kupeza nayitirojeni, timene timakhala m'timatuzamo, tikugwira ntchito. Ya zodwala inali yakuda ndi yofewa, khungwa lake likusupuka ndi zala ngati chinangwa choviika, ndipo pa tsinde, pamalire a nthaka, panali bala lofiirira lokwera m'mwamba. Dothi la m'dzenjemo nditalifinya linadontha madzi, chonsecho panali patapita masiku ambiri mvula isanagwe yochuluka. Zizindikiro zoterezi zimaloza ku matenda owoletsa mizu, ndipo amene timamuopa kwambiri pa zomera za fynbos ndi Phytophthora cinnamomi, kachilombo kamene kamayenda m'madzi a m'dothi kuchoka pa muzu uwu kupita pa wina. Ndinaika mizu ndi dothi m'mapepala apulasitiki, ndi kulemba nambala ya mzere pa lililonse, kuti zikapimidwe ku labotale ku Stellenbosch, popeza maso okha sangasiyanitse kachilomboka ndi tinzake timene timawoletsa mizu mofananamo. Madzulo ake ndinaletsa aliyense kulowa m'mizere imeneyo, ndipo makasu ndi jombo zimene zinapondamo tinazitsuka ndi mankhwala.

Ntchito ina sinayime chifukwa cha zimenezi. Tili mu Meyi, kukolola kukupita kumapeto, ndipo Lachitatu lonse tinali m'munda wa kumtunda kudula vleitee. Ku Thyolo timathyola masamba awiri ndi nsonga, n'kubwereranso pa chitsamba chomwecho patangopita masiku ochepa, koma kuno timadula nthambi zathunthu, masamba ndi mitengo yake yomwe, kamodzi pachaka. Chofunika kuchidziwa ndi kutalika kwa podula, ndipo chimenechi chimatengera mmene mtundu uliwonse umapulumukira ku moto wa m'tchire. Bergtee, amene ndi Cyclopia intermedia, komanso kustee, amene ndi Cyclopia genistoides, ali ndi chitsa chachikulu pansi pa nthaka, moti lupsa likadutsa amaphukanso kuchokera pachitsapo, ndipo pokolola mutha kuwadula pafupi ndi dothi. Vleitee alibe chitsa chotere. Moto ukamupsereza amafa, ndipo mtundu wake umapitirira ndi njere zimene zinagwa pansi. Choncho iyeyu timamudula cha m'mawondo, kusiya nthambi zokhala ndi masamba kuti apezepo poyambira. Chaka chilichonse pamapezeka waganyu amene anazolowera bergtee wa kuphiri, ndipo ukangomutembenukira msana wameta kale zitsamba khumi mpaka pansi, n'chifukwa chake tsiku lodula ndimayenda kumbuyo kwa anthu ndi ndodo yoyezera m'manja kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

M'gulu lathu muli bambo wina wachikulire wobadwira m'chigwa chomwechi, amene tonse timamutchula kuti Oom, kutanthauza amalume mu Afrikaans, ndipo pa nthawi yopuma amakonda kutikumbutsa kuti kulima honeybush ndi nkhani yadzulodzuloli. Amayi ake ankakwera phiri kukadula bergtee, kumuwaza ndi nkhwangwa, kumuunjika mulu n'kumufundika masaka kwa masiku angapo kuti atenthe yekha, kapena kumuika mu uvuni wophikira buledi, kenaka n'kumuyanika padzuwa. Zimene amanenazo n'zoona, chifukwa ntchito yofufuza kalimidwe ka chitsambachi inayamba m'chaka cha 1993 ndi Dr Hannes de Lange wa ku Kirstenbosch, munda wosungirako zomera ku Cape Town, bungwe lofufuza zaulimi la Agricultural Research Council linapitiriza, ndipo alimi anakhazikitsa bungwe lawo mu 1999. Tikayerekeza ndi tiyi wa ku Mulanje ndi Thyolo, amene wakhala akulimidwa kwa zaka zopitirira 100, ife tikusamalira chomera chimene sichinaiwale kuti ndi cha m'tchire.

Lachinayi ndinaperekeza mitolo ku fakitale. Honeybush safuna kugonetsedwa akadulidwa, chifukwa mitolo ikatenthana pa lole imayamba kuchita nkhungu ndipo fungo limawonongeka. Kufakitaleko makina amamudula tizidutswa, amamunyowetsa, kenaka amamuika m'migolo yachitsulo yozungulira pa kutentha kwa madigiri 80 mpaka 90 kwa maola pakati pa 16 ndi 24. Mmenemo ndi mmene masamba obiriwira, onunkha ngati udzu, amasanduka ofiirira ndi kutulutsa fungo lokoma limene ogula a ku Germany ndi ku Netherlands amalifuna, pamodzi ndi chakuti tiyiyu alibe caffeine. Akatha kuuma amasefedwa, ndipo pamenepo m'pamene mlimi amaona zoona zake, chifukwa munda wodulidwa mochedwa umabweretsa timitengo tambiri toyera ndi masamba ochepa. Katundu wathu anamulandira popanda dandaulo. Ndili pomwepo panafika anthu atatu ndi bakkie, kagalimoto konyamulira katundu, yodzaza bergtee wa kuphiri, koma anawabweza chifukwa analibe chikalata cha chilolezo chodulira. Ndinawamvera chisoni poganizira mtunda umene anasenza mitoloyo pamutu kutsika m'miyala, komabe ndimagwirizana ndi lamuloli, popeza gawo lalikulu la honeybush wogulitsidwa likuchokerabe kuphiri, ndipo bergtee akadulidwa chaka ndi chaka osapatsidwa zaka zingapo zopumula, chitsa chake chimatopa, samasula maluwa, ndipo phiri limatsala lopanda njere.

Lachisanu linali la nazale, imene ndi ntchito imene ndimaikonda kuposa zonse. Mbande zimene tinafesa m'chilimwe tsopano zafika poti n'kuwokeredwa mvula ya m'nyengo yozizira ikakhazikika, ndipo tayamba kuzitulutsa pamthunzi ndi kuzichepetsera madzi kuti zikhwime. Ulendo wa mbande imodzi ndi wautali. Maluwa achikasu onunkhira ngati uchi, amene anapatsa chitsambachi dzina loti honeybush, kutanthauza chitsamba cha uchi, amamasula cha mu Sepitembala ndi Okutobala, ndipo amene amawabereketsa makamaka ndi mabemberezi, chifukwa duwalo ndi lolimba moti limafuna kachilombo kamphamvu kuti litseguke. Zikhokhombe zikauma zimaphulika n'kumwaza njere, choncho wochedwa kutola amapeza zopanda kanthu. M'tchire nyerere zimanyamula njerezo kupita nazo kuuna chifukwa cha kachidutswa konona kamene kamakhala pa njere iliyonse, ndipo zimakhala mmenemo mpaka moto utadutsa. Ife tilibe nthawi yodikira moto, choncho timapala khungu lolimba la njere ndi sandipepala kuti madzi alowe, pamene nazale zikuluzikulu zimaviika mu asidi, ndipo pofesa timaonjezera tizilombo topanga timatuza tija, monga alimi a soya amachitira ndi inokulanti.

Ndili mu ofesi ya nazale, ndinatsegula buku la mthirira kuti ndilembe maola atsopano a mbande, ndipo ndinabwerera m'mbuyo masamba angapo. Pa tsamba la mu Febuluwale, sabata imene kunawomba mphepo yotentha yochokera kumtunda imene kuno amati bergwind, panali dzanja langa lomwe, ndipo ndinali nditalemba kuti maola othirira munda wa kumunsi awonjezedwe kawiri. Chiganizo chimenecho sichinali choipa pa sabata imeneyo, chifukwa zitsambazo zinali zazing'ono ndipo zinkalefuka masana. Koma ndinafufuza masamba onse a Malichi, Epulo mpaka Meyi osapeza pamene ndinalamula kuti maolawo abwezedwe. Kukolola kunanditangwanitsa, makina otsegula madzi anapitiriza kuchita zimene anauzidwa, ndipo kwa miyezi pafupifupi itatu madzi ankasefukira kumizere yakumunsi, kumene pansi pa mchenga pali dongo losalola madzi kulowa. Dzina loti vleitee, limene limatanthauza tiyi wa kudambo, nalonso linandipusitsa, chifukwa chitsambachi chimakonda chinyezi cha m'mbali mwa mitsinje kumene madzi amayenda, osati madzi oima ozinga mizu usana ndi usiku.

Ndinapita kwa mwini famu madzulo omwewo ndi bukulo m'manja n'kumuonetsa tsambalo. Sanakalipe, koma anawerengera mokweza zaka zimene tataya, kuyambira pa njere mpaka pa chitsamba choti n'kudula, ndipo kuwerengako kunandiwawa kuposa kukalipa. Tinagwirizana kuti kusintha kulikonse kwa maola a madzi kuzilembedwa pamodzi ndi tsiku lobwezera, kuti kumunsiko tikumbe ngalande yotulutsa madzi, ndipo kuti mbande za chaka chino tiziwokera pa mizere yokwezedwa, kutali ndi malo odwalawo, mpaka zotsatira za ku Stellenbosch zitabwera.

Loweruka timaweruka masana. M'mawa tinazula zitsamba zonse za m'mizere inayi ija, pamodzi ndi za mzere wachisanu zimene zinkaoneka zamoyo koma zinali moyandikana kwambiri, ndipo tinaziwotcha pomwepo kuti dothi lake lisayende ndi matayala a thirakitala. Tisanayambe ndinaimitsa gulu lonse pamalo omwe aja ndinafunsira funso Lolemba, ndipo ndinanena m'Chichewa, kenaka mu Afrikaans yanga yopunduka kuti onse amve, kuti amene anapha zitsambazi ndine, ndipo mphwanga uja ndinamunamizira. Iye anangoti, "Zamveka akulu," n'kutola khasu lake. Oom anandiyang'ana kanthawi, kenaka anandilozera pamene madzi ankadutsa kale mundawo usanalambulidwe, ndipo ngalande tinayambira kukumba pamenepo.