Sipanala imene inaitanitsa ankhoswe

Tsiku limenelo ndinali pa ulendo wochokera ku Lilongwe kupita ku Balaka, kumene amalume, omwenso ndi ankhoswe a banja langa, ankandidikira kuti tikambirane za malire a munda. Nditangodutsa pa boma la Ntcheu, lamba wa injini anaduka. Amene anandipulumutsa anali mayi wina wovala ovolosi, makaniko waluso kwambiri, yemwe anagwira ntchito yonse yekha pamene amuna atatu ankapereka malangizo manja ali m'matumba.

Popeza bandulo ya intaneti inali itatha, ndinatumiza uthenga wa SMS wonena kuti, "Amalume, ndichedwa, ndili m'manja mwa 👩‍🔧." Ndinadziona wotsogola zedi polemba motero.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti emoji imeneyi, yomwe inavomerezedwa mu 2016 pamodzi ndi zina zoonetsa amayi ali pa ntchito monga uphunzitsi ndi ulimi, imapangidwa ndi tizithunzi tiwiri, ka mayi ndi ka sipanala, tolumikizidwa ndi chizindikiro chosaoneka ndi maso. Foni yakale imene siizindikira chilumikizocho imangoonetsa tizithunzito padera, ndipo foni ya amalume ndi yakale moti batire lake limagwiridwa ndi mphira. Iwo anaona mayi, pambali pake chitsulo, ndipo monga munthu amene waweruza milandu yambiri ya m'banja, anatsimikiza kuti mkazi wanga wandikhoma ndi sipanala.

Nditafika madzulo ndinapeza mphasa zitayalidwa pansi pa mtengo wa mango, ankhoswe akuchikazi atakhala kale nkhope zili gwaa. Ndisanapereke n'komwe moni, azakhali anandivula chipewa n'kuyamba kundipapasa m'mutu kufunafuna chotupa.

"Usabise, mwana wa mlongo wanga," anatero amalume, "amuna ambiri amamenyedwa koma amachita manyazi."

Ndinafotokoza za lamba, ndinaonetsa foni yanga, mpaka onse anaseka, ndipo ndinaganiza kuti mlandu watha. Koma ankhoswe akuchikazi, amene anali atamuwerengera kale mkazi wanga uthengawo, anandipatsira foni yawo ili pa sipikala.

"Bambo a Chisomo," anatero mayi a kunyumba mofatsa kwambiri, "za sipanalazo ndamva. Tsopano mundiuze bwinobwino, mayi amene munali m'manja mwakeyo ndi ndani?"

Za malire a munda sitinakambirane, ndipo nkhuku yopepesera ankhoswe ndinagula ndine.