Nkhono ya m'thumba la kabudula

Ku Jambiani, kum'mawa kwa chilumba cha Zanzibar, madzi akaphwera nyanja imathawira kutali, n'kusiya nkhono za mitundumitundu mbwee pamchenga ndi m'miyala. Ine ndinangoyamba kutola. Zina zinali zosalala, zonyezimira, zamawangamawanga, zimene amati kauri (timitundu take tating'ono, tochokera ku zilumba za Maldives, tinkagula katundu ku West Africa kwa zaka mazanamazana, ndiye ndinkadziona ngati mpondamatiki). Zina zaminga, za banja la murex, abale ake a nkhono zija anthu a ku Tyre, mzinda wakale wa ku Lebanon, ankapangira utoto wa zovala zachifumu. Zonse ndinkangoponya m'thumba la kabudula.

Nditawerama kuti nditole ina yosongoka kumodzi, yolembedwa bwino kuposa zonse, msodzi wina wachikulire anandigwira dzanja.

"Iyo ayi, bambo. Imabaya."

Inali ya mtundu wa Conus. Nkhono zimenezi zilipo mitundu yoposa 800, ndipo zonse zili ndi poizoni. Zimaponya dzino lakuthwa ngati kamkondo. Yoopsa kwambiri, Conus geographus, imadya nsomba, ndipo inaphapo anthu. Mankhwala osukulutsa poizoni wake palibe. Mkuluyo anati limayamba ndi dzanzi, kenako mpweya umasowa.

Asanamalize n'komwe, china chake chinanditsina pantchafu, m'kati mwa thumba.

Abale, ndinakuwa. Kabudula ndinamuvula sindikudziwa bwanji, n'kumuponya uko, pamaso pa amayi amene ankakolola ndere zawo za m'nyanja chapafupi. Mwendo unachita dzanzi pompo. Zoti ndakhala chinjutire nthawi yaitali sizinandibwerere m'mutu. Ndinagona chagada pamchenga, ndi kabudula wam'kati yekha, n'kupatsa mkulu uja foni pamodzi ndi nambala yake yachinsinsi, kuti auze mayi akunyumba kumene ndinabisa ndalama zija ndinkalumbira kuti ndilibe.

Mkuluyo sanatekeseke. Anangoloza kabudula uja. Thumba linkagwedezeka. Kenako chigoba chimodzi chaminga chinatuluka chikuyenda chokha, timiyendo tili panja. Inali nkhanu, ya mtundu uja wobadwa ndi mimba yofewa, umene umalowa m'zigoba za nkhono zakufa, ukakula n'kusamukira m'chachikulupo. Ineyo ndinali nditanyamula nyumba ya eni, eni ake ali momwemo.

Amayi aja anaseka mpaka wina anakhala pansi m'madzi. Tili mkati moonerera nkhanuyo, madzi anali atayamba kubwerera, ndipo funde linanyamula kabudula, kiyi wa chipinda ndi chuma changa chonse cha kauri. Mayi wina anandibwereka nsalu, maso atayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka.

Pondibwezera foni, msodziyo anafunsa mwaulemu:

"Nanga uthenga wa ndalama uja, bambo, ndikaperekebe?"