Chipepeso cha Jon Snow

Munali mu June 2015, kuzizira kwa ku Blantyre kutafika pachimake, pamene azakhali anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzacheza kwathu ku Chilomoni. Usiku wina ndinali nditangomaliza kuonera gawo lomaliza la sizoni yachisanu ya kanema wa Game of Thrones pa laputopu, mtima uli zii. Ndinamuimbira mnzanga uja amadzitama kuti anawerenga mabuku onse asanu a George R. R. Martin, momwe munachokera nkhani ya kanemayu. Munthu woipa mtima ameneyu, buku lachisanu linatuluka mu 2011 koma anangokhala duu osanditsina khutu.

"Aise, Jon amupha! Amubaya alonda anzake omwe, mpaka kamwana kaja ankakasamalira nakonso kamubaya!"

Sindinadziwe kuti azakhali aima pakhomo ndi kapu ya tiyi.

"Mayo ine! Wamwalira ndani, mwanawe?"

Pamenepo mpamene ndinaponda pa moto. M'malo monena kuti ndi za pa kanema, ndinayankha ngati ndikucheza ndi mnzanga uja.

"Jon, mkulu wa alonda a usiku."

"Analakwanji?"

"Analowetsa anthu a kuseri kwa mpanda."

"Kumupha munthu chifukwa cha geti! Nanga mayi ake auzidwa?"

"Mayi ake sadziwika, azakhali. Bambo ake anawadula mutu kalekale."

Azakhali anaika kapu pansi, nawonso n'kukhala pansi pomwepo.

M'mawa anamasula nsonga ya chitenje n'kutulutsa ma K1,000 awiri. "Ukapereke chipepeso kuntchito kwanuko. Mwana wamasiye safunsa kuti ndi wa ndani." Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, Mulungu ndi mboni. Koma mwezi unali pakati, m'thumba muli mbee. Ndalama ija inathera mayunitsi ndi tchipisi cha pa chiwaya.

Chaka chonse, akaimba foni, moni asanathe funso linali lomwelo: "Anthu aja anawamanga?" Ine: "Mlandu ukadali m'khoti."

Mu May 2016 azakhali anabweranso, mwatsoka sizoni yachisanu ndi chimodzi itangoyamba. Tinadzaza pabalaza ndi anzanga, mkangano uli pamwamba. Wina akuti Melisandre, mayi wamatsenga wovala zofiira uja, mphamvu zinamuthera, wina akuti Jon sangafe mayi ake tisanawadziwe, mnzanga wa mabuku uja ulendo uno ali chete chifukwa kanema anali atawapitirira mabuku akewo. Gawo lachiwiri likutha, mtembo uli gone pathebulo, mwadzidzidzi maso tong'o!

Ndinalumpha mpaka kugunda tebulo. "Jon wadzuka! Wadzuka!"

Azakhali anatulukira kukhitchini ndi mthiko m'manja. Anayang'ana pa sikirini: mnyamata wa mabala pachifuwa akupumira m'mwamba, chigalu choyera chili pambali.

"Jon wake uti? Wa alonda uja?"

Pabalaza panangoti zii.

"Wamudzutsa ndani?"

"Mayi wina wovala zofiira, azakhali."

Ndinkayembekeza ulaliki wa za ufiti. Ayi ndithu. Anangoloza mthiko pamphuno panga.

"Ku mvano tinamupempherera masabata atatu mnyamata ameneyu. Amayi ena mpaka misozi. Ndiye kuti maliro kunalibe?"

"Anafadi, azakhali, kungoti..."

"Munthu akadzuka chipepeso chimabwerera. K2,000 yanga. Uwonjezere ndi thiransipoti ya ku Ntcheu."

Ndinalipira anzanga akuseka mpaka kugubuduka. Azakhali anawerenga ndalama kawiri, n'kumanga pa chitenje, kenako anakoka mpando.

"Sunthani ndione. Anamubaya aja ndi ati?"